Ndodo zokwerera mapiri: kodi zotsika mtengo n'zodalirika?

Amene adakwerapo phiri la Mulanje amadziwa kuti ululu weniweni umadza pobwerera. Njira ya Skyline, yomwe imayambira pa Likhubula kukafika ku Chambe, imakweza munthu mamita pafupifupi 1,000 m'maola atatu kapena anayi, ndipo pokwerapo chovuta chimakhala mpweya. Potsika, ntchito yonse imagwera maondo ndi ntchafu, popeza pa sitepe iliyonse mwendo umodzi umayenera kulandira thupi lonse pamodzi ndi chikwama chomwe chili kumsana, n'kuliletsa kuti lisapitirire kutsetsereka. Ambiri amene amatsimphina Lolemba m'maofesi a mu Blantyre atakwera phiri Loweruka amakhala akulipira chitsetso chimenechi.

Apa ndi pomwe pamalowera ndodo zokwerera mapiri, zomwe pa Chingerezi amati trekking poles. Ndi ndodo ziwiri zopepuka, za aluminiyamu kapena carbon fibre, zokhala ndi chogwirira, lamba wa padzanja ndi nsonga yolimba, ndipo zambiri zimatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa malinga ndi msinkhu wa mwini wake. Kale m'dziko muno zinkaoneka ndi alendo akunja okha. Lero, pomwe magulu a anthu a m'tauni okwera mapiri a Michiru, Soche, Ndirande, Zomba, Dedza, Nkhoma ndi Bunda kumathero a sabata akuchuluka, zayamba kuoneka m'manja mwa Amalawi omwe.

Chimene chimabweza ambiri ndi mtengo. M'masitolo a ku Ulaya ndi ku America, ndodo ziwiri za makampani otchuka zimafika madola 150 mpaka 200, zina kuposerapo, pomwe zotsika mtengo zimapezeka pakati pa madola 25 ndi 50. Kwa munthu wolandira makwacha, makamaka chigwereni ndalamayi ndi 44 peresenti mu November 2023, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Funso lake nlakuti amene wagula zotchipazo wataya chiyani, nanga n'chiyani chimene sayenera kulolera kutaya ngakhale ndalama zitachepa motani, poti ndodo yokhumudwitsa mwini wake pamalo otsetsereka ikhoza kumuthyoletsa mwendo kutali ndi msewu.

Komwe zidachokera

Kuyenda ndi ndodo si nzeru yachilendo kwa Mmalawi. Agogo amayenda nayo, abusa a ng'ombe ali nayo, ndipo wowoloka mtsinje nthawi ya dzinja amathyola kamtengo kuti ayesere kuya kwa madzi. Nako ku mapiri a Alps, ku Ulaya, abusa ndi apaulendo akhala akugwiritsa ntchito ndodo yaitali yamtengo yokhala ndi chitsulo kunsonga, yotchedwa alpenstock, kwa zaka mazana ambiri.

Ndodo zamakonozi zidabadwa kuchokera ku ndodo zochitira masewero otsetsereka pachipale. Kampani ya Leki, yomwe Karl Lenhart adayambitsa mu 1948 m'tauni ya Kirchheim unter Teck ku Germany, ndiyo idatulutsa ndodo yokwerera mapiri yotheka kutalikitsa ndi kufupikitsa mu 1974, n'kuitcha Makalu, dzina la phiri lina lalitali la ku Himalaya. Pambuyo pake makampani monga Komperdell ya ku Austria ndi Black Diamond ya ku America adalowa nawo pamsika. Lero ndodo zambiri zotsika mtengo zimapangidwa ku China, ndipo kapangidwe kake kamatsanzira ka makampani akuluakuluwa.

Zimene kafukufuku adapeza

Pa nkhani ya maondo, umboni ulipo. Mu 1999, akatswiri a pa yunivesite ya Salzburg ku Austria, motsogozedwa ndi Hermann Schwameder, adayeza mphamvu imene imagwera pabondo munthu akamatsika pamalo otsetsereka, ali ndi ndodo komanso alibe. Adapeza kuti ndodo ziwiri zimachepetsa katundu wa pabondo ndi pakati pa 12 ndi 25 peresenti. Pa sitepe imodzi izi n'zochepa, koma munthu amaponda kopitirira ka 1,000 pa kilomita iliyonse.

Patapita zaka pafupifupi khumi, gulu lina la pa yunivesite ya Northumbria ku England, motsogozedwa ndi Glyn Howatson, lidatenga anthu 37 n'kukawakweza phiri la Snowdon, lalitali kuposa onse ku Wales, lomwe ndi la mamita 1,085. Ena adapatsidwa ndodo, ena adayenda chimanjamanja. M'masiku otsatira, amene adali ndi ndodo adamva kuphwanya kwa minofu kocheperapo ndipo mphamvu za m'miyendo zidawabwerera msanga. Poyerekeza, nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili pa mamita 3,002, ndipo woifuna amagona m'phiri usiku umodzi kapena uwiri, zomwe zikutanthauza kuti miyendo yomwe yatopa lero ndi yomweyo imene iyenera kuyendanso mawa.

Komabe ndodo sizichepetsa ntchito yonse ya thupi, zimangoigawa. Gawo la katundu limachoka kumiyendo n'kupita kumikono ndi kumapewa, ndipo kafukufuku wina amaonetsa kuti woyenda ndi ndodo amagwiritsa ntchito mphamvu zochulukirapo pang'ono ngakhale iye mwini amamva ngati ulendo wapepuka. Nthambi ya zaumoyo ya bungwe la okwera mapiri padziko lonse la UIAA idachenjezanso kuti kudalira ndodo nthawi zonse kungathe kufooketsa luso lachibadwa la thupi lodziimika bwino pamalo ovuta. Amene zimawathandiza kwambiri ndi achikulire, onenepa, a vuto la maondo kapena msana, ndi onyamula katundu wolemera. Wachinyamata wathanzi amene akukwera Soche ndi botolo la madzi lokha akhoza kuzisiya kunyumba osataya kanthu.

Chofunika kudziwa m'kafukufuku yenseyu n'chakuti phindu lidachokera ku ndodo ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Bondo silidziwa dzina la kampani lomwe lalembedwa pandodo.

Aluminiyamu kapena carbon fibre

Kusankha koyamba kuli pa chimene ndodoyo yapangidwa nacho, ndipo apa mpomwe wofuna zotchipa amapusitsika kawirikawiri.

Aluminiyamu amene amapangira ndodo ali m'mitundu iwiri yodziwika ndi manambala. Wa 7075 ndi wosakaniza ndi zinc, ndi wolimba kwambiri ndipo amagwiritsidwanso ntchito popanga ndege. Wa 6061 ndi wofewerapo komanso wotsika mtengo, kotero kuti ndodo yake ikhale yolimba amaikhuthalitsa, ndipo imalemerako. Wogulitsa amene wagwiritsa ntchito 7075 sabisa, amalemba nambalayo pandodo kapena pabokosi. Pomwe pangolembedwa kuti aluminiyamu popanda nambala, n'kwanzeru kuganiza kuti ndi wofewayo.

Ubwino waukulu wa aluminiyamu ndi momwe amaonongekera. Ndodo ikakodwa pakati pa miyala munthu n'kuitsamira, imapindika, ndipo nthawi zambiri imatheka kuongoledwa pang'onopang'ono mpaka kumufikitsa mwini wake kumsewu. Ya carbon fibre siipereka mpata wotere. Ndi yolimba zedi ikamalandira katundu kuchokera pamwamba kutsika pansi, koma ikapanikizika cham'mbali kapena ikamenyeka pamwala imang'aluka kapena kuthyoka kamodzin'kamodzi, ndipo palibe wowotcherera zitsulo amene angailumikize. Mng'alu wake nthawi zina suoneka ndi maso mpaka tsiku lothyokalo.

Chimene carbon fibre imapambana nacho ndi kupepuka, komanso siinjenjemera kwambiri ikagunda pansi polimba. Ndodo ziwiri za aluminiyamu zotsika mtengo zimalemera pakati pa magalamu 500 ndi 600, pomwe za carbon fibre zambiri zili pakati pa 300 ndi 450. Kusiyanako ndi magalamu ngati 200, kulemera kwa foni ya m'manja. Okonda kuyenda mopepuka amatsutsa kuti magalamu a m'manja safanana ndi a m'chikwama, popeza mkono umanyamula ndodoyo kambirimbiri tsiku lonse, ndipo mfundoyi ndi yoona. Koma njira za pa Mulanje ndi za miyala, mizu ndi ming'alu ya m'matanthwe, malo enieni amene ndodo imakodwa. M'dziko lomwe ndodo ikathyoka mulibe sitolo yoti munthu akagule chigawo chatsopano mawa lake, aluminiyamu wa 7075 ndiye wanzeru. Ndodo ya carbon fibre yotchipa modabwitsa, ya kampani yosadziwika, ndi chikomekome cha mkuyu. Zina zoterezi zimakhala zosakaniza ndi zipangizo zina zotsika, ndipo wogula alibe njira yodziwira za m'kati mwake.

Sikuti aluminiyamu yense ndi wolemera. Ndodo ya Fizan Compact ya ku Italy, mwachitsanzo, imalemera magalamu osafika 170 imodzi, ndipo mtengo wake uli pansi pa wa ndodo zambiri za carbon fibre. Mwa mayina ena odziwika pa ndodo zotsika mtengo pali Cascade Mountain Tech ya ku America, Naturehike ya ku China ndi Forclaz, yomwe ndi ya masitolo a Decathlon a ku France. Decathlon ili ndi masitolo ku South Africa, komwenso masitolo a Cape Union Mart amagulitsa katundu wa K-Way. Kwa Mmalawi amene ali ndi mbale wake ku Johannesburg, iyi ikhoza kukhala njira yachidule kuposa kuitanitsa pa intaneti kuchokera kutsidya la nyanja, komwe mtengo wotumizira ndi msonkho zikhoza kuposa mtengo wa ndodozo.

Pomwe ndodo yotchipa imagonjera

Chitsulo cha ndodo sichikhumudwitsa kawirikawiri. Chimene chimakhumudwitsa ndi chomangira, pamalo pomwe zigawo zimalumikizana. Ndodo zambiri zili ndi zigawo zitatu zolowetsana, ndipo chomangiracho chikalephera, ndodo imafupika mwadzidzidzi pa nthawi yomwe munthu waitsamira ndi thupi lonse. Pachitsetso, zotsatira zake ndi kugwa chafufumimba.

Zomangira zilipo za mitundu itatu. Choyamba, chomwe ndi chakale, n'chopotokola: munthu amapotoza chigawo chimodzi ndipo kapulasitiki ka m'kati kamafufuma n'kugwira khoma la chigawo chinzake. N'chopepuka ndipo sichikodwa m'tchire, koma fumbi kapena madzi zikalowa chimaterereka, kapena chimagwira osafunanso kumasuka. Vuto lake lina nlakuti munthu sangaone ndi maso ngati chamanga.

Chachiwiri n'chopanira chakunja, kachitsulo kapena kapulasitiki kotsegula ndi kutseka ndi chala, kofanana ndi kamene kamamanga chishalo cha njinga zina. Kampani ya Black Diamond ndiyo idachitchukitsa ndi dzina loti FlickLock, ndipo lero chili pa ndodo zambiri, zotchipa zomwe. Chimaoneka ngati chatseka kapena ayi, chimagwira ngakhale manja atazizidwa, ndipo chili ndi kabawuti kamene munthu amamanga chikayamba kukhwefuka. Kwa wogula ndodo yotsika mtengo, ichi ndicho choyenera kufunafuna. Chofunika n'kuona ngati kabawutiko kamamangika ndi zala kapena kamafuna sikuludiraiva, chifukwa ngati kamafuna chida, chidacho chiyenera kupita nawo kuphiri.

Chachitatu ndi cha ndodo zopinda, zomwe zigawo zake zimalumikizidwa ndi chingwe cha m'kati monga mapolo a tenti. Zikapindidwa zimatsala masentimita 35 mpaka 40, pomwe zolowetsana zimatsala 60 kapena 65, kotero zimakwana m'chikwama mosavuta. Koma zambiri sizisintha utali kapena zimasintha pang'ono, n'zopyapyala, ndipo chingwe kapena kabatani kake kakaonongeka ndodo yonse yatha. Zotchipa za mtunduwu zimagwedera m'malo olumikizira zikadali zatsopano.

Kuyesa chomangira sikufuna ukatswiri. Wogula atalikitse ndodo, amange, aiimike pansi polimba, kenaka aitsamire ndi thupi lonse kangapo. Ikalowa ngakhale pang'ono, amange kabawuti n'kuyesanso. Ikalowabe, ndodoyo aisiye pomwepo, mtengo wake ukhale wokoma motani. Chigawo chilichonse chilinso ndi mzere wolembedwa kuti STOP, ndipo kutalikitsa kupyola pamenepo ndi njira yodziwika yothyolera ndodo yabwinobwino.

Ndodo zina zili ndi sipuling'i m'kati, yomwe ogulitsa amati imachepetsa kugunda kwa padzanja. Imathandiza ena a vuto la m'mfundo za manja, koma imaonjezera kulemera, imalira poyenda, ndipo ndi chinthu chinanso choti chionongeke. Pa ndodo yotchipa, kusakhalapo kwake si chotaya.

Chogwirira, lamba ndi nsonga

Zogwirira zimapangidwa ndi cork, siponji yolimba ya EVA, kapena labala ndi pulasitiki. Cork, yemwe ndi khungwa la mtengo wina womera kwambiri ku Portugal ndi ku Spain, saterera ndi thukuta ndipo amatengera maonekedwe a dzanja pakapita nthawi. Siponji ndi yofewa, yopepuka ndipo imamwa thukuta. Labala amayenera maiko ozizira komwe anthu amavala magolovesi; kuno, m'mwezi wa October, amatulutsa matuza m'manja ulendo usadafike pakati. Ndodo zina zotchipa zili ndi chogwirira cha pulasitiki chongopakidwa mtundu wa cork, ndipo chikhadabo chimaulula msanga: cork weniweni amabonyoka pang'ono akatsinidwa.

Lamba wa padzanja anthu ambiri amamuvala molakwika. Dzanja liyenera kulowa kuchokera pansi pa lambayo, kenaka n'kutsikira pachogwirira, kuti lambayo adutse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kukhala pansi pa chikhatho. Akavalidwa motero, katundu amagwera palamba, ndipo zala zimangogwira mopepuka osatopa. Pamalo oopsa kwambiri ndi powoloka mtsinje wothamanga, odziwa amatulutsa manja m'malamba kuti akagwa athe kutaya ndodo n'kudzigwira.

Nsonga yabwino ndi ya tungsten carbide, kachitsulo kolimba kwambiri kamene kamaluma mwala ndipo sikaperepeseka msanga. Ndodo zotsikitsitsa mtengo zili ndi nsonga ya chitsulo wamba, yomwe imafafanizika pakangopita maulendo ochepa n'kuyamba kuterera pathanthwe. Tizipewa ta labala tomwe timabwera ndi ndodo n'tothandiza pa msewu wa tala, m'galimoto ndi pamiyala youma, ndipo timateteza matanthwe kuti asakandike. Pamatope ndi pamwala wonyowa wa ndere timaterera, choncho tichotsedwe. Kambale kakang'ono kozungulira kamene kali pamwamba pa nsonga kamaletsa ndodo kumira m'matope. Timbale tikulutikulu ndi ta pachipale, ndipo m'dziko muno ntchito yake n'kukodwa m'maudzu basi.

Utali woyenera ndi kayendedwe

Munthu akaima pamalo athyathyathya atagwira ndodo, nsonga ili pansi pafupi ndi phazi, chigongono chake chiyenera kupindika ngati ngodya ya nyumba, mkono wakutsogolo utagona mofanana ndi nthaka. Powerengetsera, ena amachulukitsa msinkhu wawo ndi 0.68, kotero wa masentimita 160 amafuna ndodo ya pafupifupi 110, wa 170 ya 115, ndipo wa 180 ya pakati pa 120 ndi 125. Pachitunda chachitali ndodo ifupikitsidwe ndi masentimita 5 mpaka 10, ndipo pachitsetso italikitsidwe chimodzimodzi kuti munthu asawerame.

Pamalo abwino, ndodo ya kumanja imapita limodzi ndi mwendo wa kumanzere, monga momwe mikono imayendera mwachibadwa. Pachitsetso choopsa, ndodo zonse ziwiri zimatsogola, zikhazikike, kenaka miyendo itsatire.

Pali malo ena pomwe ndodo zimasanduka chipsinjo. Chigawo chomaliza cha ulendo wa ku Sapitwa, kuchokera pa nyumba yogona ya Chisepo, n'chokwawa pamatanthwe otsetsereka ndi kulowa m'mipata ya miyala ikuluikulu, ndipo pamafunika manja onse awiri. Pamenepo ndodo zifupikitsidwe n'kumangidwa pachikwama nsonga zitaloza pansi, kuti zisalase wa pambuyo. Kukayamba ziphaliwali, zomwe zimachuluka m'dzinja kuyambira November mpaka April, munthu achoke pamwamba pa phiri ndi pamalo oonekera, ndipo ndodo aziike patali, pakuti aluminiyamu ndi carbon fibre zonse zimadutsa magetsi.

Ndodo siidziwanso njira. Nkhungu ya chiperoni ikatsika pa Mulanje, munthu saona ngakhale mamita ochepa kutsogolo kwake, ndipo phirili lidatengapo miyoyo ya alendo oyenda okha, kuphatikizapo mnyamata wa ku Brazil amene adafera ku Sapitwa mu 2009. Namondwe wa Freddy, mu March 2023, adagumulanso mbali zina za phirili. Amene ndalama zake zingakwanire chimodzi chokha, ndodo kapena wolondolera njira wa pa Likhubula, alipire wolondolera njira.

Kwa oyenda mopepuka

Pakati pa okwera mapiri a kunja pali kagulu kamene kamayesetsa kuchepetsa katundu mpaka pomaliza. Amawerengera kulemera kwa chikwama popanda chakudya, madzi ndi mafuta ophikira, ndipo chikachepera makilogalamu 9 amati n'chopepuka, chikachepera 4.5 amati n'chopepukitsitsa. Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti chinthu chimodzi chigwire ntchito zingapo, ndipo ndodo ndi chitsanzo chake chabwino. Pali matenti opangidwa dala opanda mapolo, omwe amaimikidwa ndi ndodo zoyenderazo, kotero munthu sanyamula zitsulo kawiri. Wofuna tenti yotere asankhe ndodo zosintha utali, zofika masentimita 125 kapena 135, popeza ndodo yopinda ya utali umodzi siingagwirizane ndi tenti iliyonse.

Pa Mulanje phindu limeneli ndi lochepa, chifukwa phirili lili ndi nyumba zogona monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, zomwe nthambi ya zankhalango ndi bungwe la Mountain Club of Malawi akhala akusamalira. Komabe ndodo imagwira ntchito zina: kuyesa kuya kwa madzi, kukankha udzu wa mame, kugogoda pansi m'tchire kuti njoka imve kubwera kwa munthu, kuyanikapo zovala, ngakhale kumangirira mwendo wothyoka podikira thandizo. Ena amakulunga tepi yolimba pandodo, pansi pa chogwirira, kuti nsapato ikamatuka m'phiri akhale ndi chomangira.

Zakaunjika ndi zamtengo

Ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito, zikapezeka pakaunjika, zikhoza kukhala za kampani yabwino pa mtengo wotsika, koma zimafuna diso. Wogula asolole zigawo zonse n'kuona ngati zili zoongoka, ngati mulibe ufa woyera wosonyeza kuti aluminiyamu wadyeka, ndiponso ngati nsonga idakalipo. Ya carbon fibre yakale, yomwe mbiri yake siikudziwika, ndi yokaikitsa. Asamalenso ndi ndodo za masewero a pachipale, zomwe zimafanana ndi zokwerera mapiri koma zambiri ndi za chigawo chimodzi chosasintha utali. Zikagwirizana ndi msinkhu wa munthu zimagwira ntchito ndithu, ndipo n'zolimba, koma kukwera nazo minibasi ya ku Mulanje ndi mlandu.

Kusamala ndodo n'kosavuta. Pobwera kuulendo, zigawo zisololedwe, zipukutidwe ndi kuumitsidwa zisadabwezeretsedwe, ndipo zisungidwe zomangira zili zomasula. Mafuta kapena girizi asapakidwe m'kati, chifukwa chomangira chimagwira ntchito pokhapokha pali pouma. Woyenda pandege aike ndodo m'katundu wopita kunsi, popeza m'mabwalo ambiri salola zinthu zosongoka kulowa nazo mokhala anthu.

Ndodo yotchipa kuposa zonse ndi yamtengo. Nsungwi youma bwino, yokhuthala ngati mpini wa tsache, ndi yopepuka ndi yolimba modabwitsa, ndipo nthambi yoongoka ya bulugamu imagwiranso ntchito ngakhale imalemerako. Ndodo yotere siifupika, ilibe lamba, ndipo pathanthwe imaterera pokhapokha kunsonga kutavekedwa labala. Komabe paulendo wa tsiku limodzi, ndi powoloka mitsinje pomwe ndodo imodzi yaitali imaposa ziwiri zazifupi, siichititsa manyazi. Anthu a m'midzi yozungulira phiri, amene amatsika ndi mitolo pamutu m'njira zomwe alendo amakwawa, sadayambe adikirapo aluminiyamu.

Mtengo umodzi wokha ndiwo suyenera kusanduka ndodo. Kwa zaka zambiri, alendo a pa Mulanje ankagula ndodo zosema za mkungudza, zonunkhira bwino, zina zolembedwa mayina a nsonga ndi nyumba za m'phiri, ngati chikumbutso cha ulendo. Mkungudza wa Mulanje, womwe akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, ndi mtengo wa fuko lino ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Kudula mosaloledwa ndi moto wolusa zidautha, moti kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Mu 2019 udaikidwa pa mndandanda wa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pangozi yakutha, kotero kutuluka nawo m'dziko kumafuna chilolezo. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi anthu a m'midzi ndi mabungwe ena, labzala mbande zikwizikwi m'phirimo, koma mtengowu umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Phirili lidalowanso m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Wogula ndodo yosema m'munsi mwa phiri afunse kaye kuti ndi ya mtengo wanji, ndipo amisiri omwewo akhoza kumusemera ina ya paini kapena ya bulugamu.